Chivomezi chimene chinachokera kuchipinda kwanga

Popeza nkhaniyi yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp itathiridwa nsinjiro zambiri, ndibwino ndiifotokoze ndekha. Ndi zoona kuti ndine ndinatulutsa panja mabanja asanu a aphunzitsi usiku wa Lachinayi, ndipo ndi zoonanso kuti ndinawatulutsa kawiri. Zoti ndinakomoka ndi bodza la anthu ansanje.

Babatoni, choimbira chachikulu cha nsambo imodzi, ndinaipanga nditaonera Gasper Nali wa ku Nkhata Bay akuimba yake. Ndinapeza mtengo wa bulugamu wa mamita atatu, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe ndi waya wochotsa m'tayala lakutha, ndipo ndinkamenya wayayo ndi kamtengo uku ndikusintha mawu ndi botolo. Usiku umenewo ndinakhwefula wayayo kuti mawu atsike kufika pansi penipeni, ndipo pofuna kuti ng'omayo isamagwedere, ndinaitsamiritsa kukhoma. Ndinaiwala kuti khoma limenelo timagawana ndi ahedi, ndi kuti kuseri kwake kuli kabati ya mbale pamodzi ndi bedi la mayi awo okalamba, amene anabwera kudzaona zidzukulu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndimaphunzitsa sayansi, ndipo zonsezi ndimazilemba pabolodi chaka chilichonse. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo funde la mawu ake limatalika mamita oposa 8, choncho khoma la njerwa sililiopsa. N'chifukwa chake zoimba za paukwati wakutali zimatipeza ngati kugunda kokha, mawu a woimba atatsala m'njira. Komanso khutu limavutika kudziwa kumene mawu otsika akuchokera. Agogowo sanalakwe konse: anamva bedi likunjenjemera, mbale zikugundana, malata akulira, ndipo munthu amene anaona chivomezi cha kuno ku Salima cha mu 1989 safunsa mafunso ambiri.

"Chivomezi! Tulukani ana inu!"

Apa ndi pamene anzanga amasekera kwambiri, ndipo sindingawaletse. Nditamva mfuuyo, inenso ndinataya kamtengo n'kuthamangira panja nditavala kabudula wogonera ndi nsapato imodzi. Popeza ndinali nditasiya kuimba, chivomezi chinatha nthawi yomweyo, koma nzeru yolumikiza zinthu ziwirizi sinandifikire. Tinaima pabwalo anthu oposa 20, ena atafunda zitenje, ena atanyamula ana, mphunzitsi wa masamu atakumbatira wailesi yakanema ngati khanda. Ahedi anatembenukira kwa ine nati, "Aphunzitsi, inu ndinu a sayansi, tafotokozani." Ndipo ndinafotokozadi. Ndinakamba za chigwa chachikulu m'mene muli nyanja yathu, ndinawakumbutsa zivomezi za ku Karonga za mu 2009, ndinajambula ndi chala pamchenga m'mene miyala ya pansi imasunthira. Ndinachitira umboni kuti kugwedezekako ndinakumva bwino m'manja mwanga. Ndinawachenjezanso mwaulemu kuti chivomezi chachikulu chimakonda kutsatiridwa ndi ting'onoting'ono, ndipo agogo anandidalitsa chifukwa cha maphunziro anga.

Patatha pafupifupi ola tinabwerera m'nyumba. Tulo tinakana kubwera, ndipo pofuna kukhazika mtima pansi ndinatola kamtengo kaja n'kumenya waya katatu kokha. Mbale zinayankha kuseri, agogo anakuwa, ndipo ulosi wanga unakwaniritsidwa pomwepo. Ndikanathamanganso nawo, mwina mpaka lero ndikanakhala mneneri, koma mdzukulu wawo wa Sitandade 4 anasuzumira pawindo langa akuthawa, n'kundipeza ndili chiimire ndi botolo m'manja, waya akunjenjemerabe.

"Adadi, chivomezi chili kwa aphunzitsi!"

Ndikufuna zidziwike kuti panasweka mbale imodzi yokha, imenenso inali ndi mng'alu kale, ndipo palibe amene wandiyamikira kuti chipangizo chopangidwa ndi waya wa m'tayala chinatulutsa besi yoyera chotero. Ahedi sanandikalipire. Anangondipempha kuti ndizipereka chidziwitso ku ofesi tsiku limodzi chivomezi chisanachitike. Agogo akandiona amandifunsa ngati pansi pagona bwino. Babatoniyo ili kuseri kwa nyumba, ndipo mayi a kunyumba kwanga apeza kuti wayayo amayanika bwino matewera.