Chimbale cha makina otonolera chimanga chazungulira tsopano

Anzanga, PDF ya chojambula changa cha mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pakompyuta, yatuluka bwino dzulo usiku. Masiku atatu athunthu ndakhala ndikulimbana ndi mzere umodzi wokha, wa m'mphepete mwa chimbale cha makina otonolera chimanga amene tikupanga ndi amalume kuno ku Ulóngue, ku Mozambique.

Chimbalecho n'cha mamilimita 400 m'mimba mwake. Amalume sakonda kuwerenga miyeso yambirimbiri. Iwo amafuna pepala la 1:1, losindikizidwa pakukula kwenikweni kwa chimbalecho, alimate pachitsulo, adule ndi galayinda motsata mzere. Nditawapatsa pepala loyamba anayendetsa chala m'mphepete mwake, n'kundiyang'ana. "Mphwanga, makona awa ndidule momwemu?" Kuyang'anitsitsa, zoona, makona ali mbwee kuzungulira chimbale chonse.

Tsiku loyamba ndinathamangira ku VIEWRES, lamulo la mu AutoCAD losalazira mabwalo pa sikirini, monga tonse timachitira. Ndinaikweza kufika 20000, kenaka REGEN kuti zonse zijambulidwenso pa sikirini. Timabowo ta mabawuti tinasalala pompo, ine mtima pansi, osayang'ananso chimbale chachikulucho. Tsiku lachiwiri ndinalowa mu DWG To PDF.pc3, momwe timasinthira katulutsidwe ka PDF, n'kukweza vector quality, kuthwa kwa mizere, kufika 2400 dpi (timadontho 2400 pa inchi imodzi). Ndinaonanso Shade plot, yomwe imasankha mmene viewport (kazenera koonetsa chojambula papepala) itulukire, poopa kuti mwina ikutuluka ngati chithunzi, koma pokulitsa PDF sipanaoneke timabokosi timene timaoneka chithunzi ukachikulitsa, mzere unali wakuthwa bwinobwino. Pamenepa ndikanawerengera kaye. Pa 600 dpi kadontho kamodzi n'kongopitirira pang'ono mamilimita 0.04, ndiye papepala la 1:1 sikangapange kona yoti amalume aione ali chiimire.

Pepala la A1 ndimakasindikizitsa ku Tete, limabwera pa chapa (minibasi) atalikulunga ngati mphasa. Anyamata a pamalo amenewo ndimawakonda chifukwa amasindikiza pa Actual size, osakulitsa kapena kuchepetsa, osandifunsa kawiri, ndipo kamzere ka mamilimita 100 kamene ndimaika pakona kamakwana ndendende ndikaikapo rula.  Ulendo uno pepala lachiwiri linafika loyera bwino, koma makona ali pomwepo.

Tsiku lachitatu, nditathedwa nzeru, ndinangodina mzerewo n'kulemba LIST, lamulo loonetsa kuti chimene wadinacho n'chiyani. Sunali CIRCLE, bwalo lenileni, ayi. Inali polyline ya timizere towongoka 24. Apo ndi pomwe ndinakumbukira kuti chimbalechi ndinachiyambira mu SketchUp, pulogalamu ina yojambulira, momwe bwalo limayamba ndi mbali 24 ukapanda kusintha, ndipo ndinaliphwasula ndekha bwalolo kukhala timizere ndisanachitulutse pa DXF, fayilo imene AutoCAD imatsegula. Timabowo ta mabawuti ndinadzatijambula pambuyo pake mu AutoCAD, n'chifukwa chake ito tinamvera VIEWRES. Nditawerengera ndinapeza kuti kamzere kalikonse n'kotalika mamilimita 52, ndipo pakati pake kamalowa mkati ndi mamilimita 1.7. Mpata wa pakati pa chimbale ndi chivundikiro chake ukanamasintha maulendo 24 chikazungulira kamodzi, ndipo ine ndikuopa kuti maso a chimanga akanamaphwanyikira momwemo.

Kukonza kwake sikunathe ndi mphindi imodzi yomwe: kufufuta polyline, kujambula CIRCLE ya radius 200, theka la mamilimita 400 aja, pamtima womwewo, basi. Mu PDF ndakulitsa mpaka pothera, mzere ukungokhota myaa. Ma dpi ndawabwezera pa 1200, pakuti kuwonjezera apo sindikuona chimene ndikupindula.

Tsopano ndiyenera kudina mzere uliwonse wokhota umene unachokera mufayilo yakale ija, makamaka wa chivundikiro, chifukwa nawonso ndikuukayikira. Zikatheka ndikufuna makina onsewa ndiwajambulenso mu pulogalamu ina yotchedwa FreeCAD, ndi mano ake omwe, kuti pofika nthawi yokolola mu Meyi tidzakhale titawotcherera atatu, ena oyendera njinga. Amalume akuti tiyambe taona kaye amodziwa akutonola. Pepala latsopano likwera chapa Lachisanu.