Kuona ISS ndi maso okha, popanda telesikopu

Siteshoni ya mumlengalenga ya ISS imadutsa m'mwamba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo imazungulira dziko pa mphindi 90 zilizonse. Ilibe nyale yoti muione nayo. Kuwala kwakeko ndi kwa dzuwa, n'chifukwa chake imaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha basi, pansi pano kuli mdima koma m'mwambamo dzuwa likuwalabe.

Ikani pafoni pulogalamu ya Spot the Station ya NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, muilole kudziwa pamene muli. Ikuuzani nthawi, mbali yotulukira, ndi madigiri a kutalika kwake kuchokera pamene thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko. Madigiriwo ndiye ofunika. Tambasulani mkono, kungani chibakera: chimenecho ndi madigiri 10. Ulendo wosafika madigiri 30 musavutike nawo, mitengo ndi madenga zimatchinga.

Tulukani kudakali mphindi zisanu, ndipo musamayang'ane foni, kuti maso azolowere mdima. Mudzaona ngati nyenyezi yowala kwambiri ikuyenda mosaima, kwa mphindi zosaposa zisanu ndi ziwiri. Ikaphethira, imeneyo ndi ndege. Ikazimirira pakati pa thambo, sikuti yagwa ayi, yangolowa mumthunzi wa dziko.

Kuno kwathu Juni ndi Julayi ndiye bwino. Mu Okutobala utsi wa moto wa tchire umadetsa kumwamba.