Bokosi la ku Mchesi

Chinthu chimene ndinkakhometsa chilibe dzina m'Chichewa, ndiye aliyense akandifunsa ndinkangoyankha kuti, "Ndikukhometsa bokosi ku Mchesi." Inu amene mumaidziwa Lilongwe mwaona kale pamene ndinaponda molakwika. Ku Mchesi amakhoma mabedi, masofa ndi makabati, koma amakhomanso mabokosi a ulendo wosabwerera uja. Ine m'mutu munali magemu okhaokha.

Ndinakula ndi gemu ya ndewu ya Street Fighter II, ija ya 1991, m'kashopu ka magemu ku Kawale. Street Fighter 6 itatuluka mu June 2023, kenaka Tekken 8 mu January 2024, matenda akale anayambiranso, mpaka chala chachikulu chinatuluka thuza chifukwa chopekesa padi, kachipangizo kogwira m'manja posewera magemu. Ndinaganiza zomanga makina oimirira ngati a m'nyumba za magemu: TV pamwamba, ndodo zowongolera ndi mabatani kutsogolo, anthu awiri kumenyana mapewa atagundana.

Alamu anga amene amakaoda katundu ku Johannesburg anandibweretsera ndodo ziwiri za kampani ya Sanwa, mabatani 16 ndi timabodi tiwiri ta USB. Kompyuta ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, TV ya mainchesi 32 ndinaizula kuchipinda. Tekken 8 yokha imafuna malo okwana 100 GB, ndiye za mabandulo amene anapsa tisakambe, mayi a kunyumba amawerenganso pa intaneti.

Kalipentala anayang'ana pepala langa nthawi yaitali.

"Msinkhu wa mwini wake ndi wotani, bwana?"

"Ngati ineyo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kupukusa mutu mwachisoni. Ataona timizere tozungulira ta mabatani, bowo lililonse mamilimita 30, asanu ndi atatu mbali iyi, asanu ndi atatu mbali inayo, anafunsa motsitsa mawu ngati mabowowo anali opumira. Ndinamufotokozera zonse, tinaseka, nkhani n'kutha. Koma dzanja la mmisiri lili ndi chizolowezi chake. Anapaka vanishi wakuda wonyezimira, ndipo mwa kukoma mtima kwake anakhomerera zogwirira zinayi zasiliva m'mbali, akuti zinatsala pa ntchito ina. "Kuti musavutike ponyamula," anatero.

Loweruka m'mawa ndinatulutsa masofa ndi mipando yonse ya pabalaza n'kuiika panja kuti papezeke malo. Ndili ku Mchesi ndinaimbira mayi a kunyumba, amene anali pamzere wa madzi pampopi. Ndinamva akubwereza mokweza, "Mwati bokosi lifika 3 koloko? Ana asachoke? Chabwino." Pampopi pa ku Area 23 si malo obwerezera mawu otere.

Tinaligoneka chagada mu pikapu, n'kulifunditsa chitenje kuopa fumbi. Popeza TV inali itamangidwa kale mkati, ndinauza dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono, iye n'kuyatsa mahazadi. Ine ndinakhala kumbuyo, dzanja lili pabokosi, nkhope yodandaula poganizira maenje a mumsewu. Anyamata akabaza ankapatuka n'kuvula zipewa. Bambo wina anatsika panjinga n'kuima njo. Ndinawakwezera dzanja, mumtima ndikuti Amalawi ulemu tikadali nawo.

Patatsala nyumba zitatu kuti tifike, pikapu inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala anachita zimene dalaivala aliyense amachita galimoto ikafa: anathyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye taganizani inuyo muli aneba. Mipando ili panja, masamba ali pamsewu, ndipo anyamata anayi akubwera mwakachetechete atagwira zogwirira zasiliva, mwini nyumba ali pambuyo akuti, "Pang'onopang'ono, musamugwedeze." Chifukwa chimene ndinanenera kuti "musamugwedeze" m'malo mwa "musaligwedeze" sindikuchidziwa mpaka lero.

Pofika pageti, azimayi anali atakhala kale pamphasa, zitenje m'chiuno, mipango kumutu. Wina anayambitsa nyimbo ya m'buku. Mayi wina wa kuseri kwathu, amene sanandipatsepo moni chisamukire kuno, anadzigwetsa pansi n'kukuwa, "Mayo ine! Anali munthu wabwino!" Mayi a kunyumba anali atadutsira kumsika kukagula ndiwo, ndiye panalibe wotsutsa.

Amfumu anafika akupuma mwaphuma.

"Achimwene, mwambo umenewu ndi wa kuti? Zovuta kugwa pamudzi, ife osauzidwa? Watisiya ndani?"

"Palibe, mfumu. Ili ndi la ndewu chabe."

"Ndewu? Apolisi akudziwa?"

Ndinaona kuti pakamwa pakungondikumbira dzenje, ndiye ndinauza anyamata aja kuti aliimike. Bokosi litaima chilili, nyimbo inadukira pakati. Nditakoka chitenje, galasi la TV linaonetsa nkhope za anthu omwewo, ndipo mayi wolira uja anadzambatuka n'kuthawa, patapata imodzi kutsala pamphasa. M'mbale ya chipepeso munali mutagwa kale ndalama, ndipo kuzibweza kunavuta kuposa kumanga bokosilo, poti aliyense ankakumbukira kuti anaponya yaikulu.

Amfumu anati sachoka asanaone ndewuyo. Pakhomo bokosi linakana kulowa, zogwirira zija zinakodwa mufelemu, choncho tinaliimika pakhonde n'kukoka waya wa magetsi kudzera pawindo. Ndinayatsa Street Fighter 6, ine n'kutenga womenya wotchedwa Ryu. Amfumu analoza Zangief, akuti ndiye akuoneka kuti amadya nsima yokwanira. Ndinawaikira makonzedwe a Modern, aja oti batani limodzi limatulutsa nkhonya yapadera popanda kupotoza ndodo.

Ndinafuna kuyeretsa dzina langa ndi Hadoken mmodzi waukhondo, moto umene Ryu amaponya ndi manja: pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo, nkhonya. Zaka zoposa makumi awiri dzanja langa likuchita zimenezi ngakhale kutulo. Ryu anadumpha chobwerera m'mbuyo. Ndinayesanso, anadumphanso, ngati waona njoka. Ndikati ndimuyandikire mdani, ankathawira kukona.

Chinachitika n'chakuti ndodo imeneyi ili ngati mpini wopalasira bwato. Ukaikankhira kutsogolo, kunsi kwake kumapita kumbuyo n'kukadina kaswitchi ka mbali inayo. Ine polumikiza mawaya ndinagona chagada pansi pa thabwa, tochi kukamwa, n'kulemba "m'mwamba" pa kaswitchi kamene kanali m'mwamba. Ndodo zonse ziwiri zinatembenuka, kumanja kukhala kumanzere, kumwamba kukhala pansi.

Amfumu analibe chizolowezi choti chiwasokoneze. Anangoona kuti akakokera uku chimunthu chikupita uko, basi anagwira njira. Zangief anandinyamula, anazungulira nane m'malere, n'kundibzala mutu pansi. Azimayi amene anabwera kudzalira anayamba nthungululu. Mayi a kunyumba analowa pageti nthawi yomweyo ndi mpiru m'jumbo, anayang'ana mphasa, mbale ya ndalama, masamba pamsewu, kenaka ine, n'kupitirira kukhitchini osanena kanthu.

Mlandu wosokoneza mudzi unathera pa nkhuku imodzi. Kukonza ndodo ndi ntchito ya mphindi zisanu, kungosinthanitsa mawaya anayi, ndipo ya mbali yanga ndinakonza usiku womwewo. Ya mbali inayo amfumu analetsa. Amabwera Loweruka lililonse 3 koloko, amakoleka chipewa pa chogwirira chasiliva, n'kuyamba aigwedeza kaye ndodo yawo kuti aone ngati ndaikhudza.