Lipoti la ulendo wathu wa ku Yuendumu

Abale ndi alongo, ntchito yolemba za ulendo umene anthu asanu ndi mmodzi tinayenda mwezi wa Julayi inagwera ine. Za ndalama afotokoza okha msungichuma pa msonkhano, ine ndinena zimene maso anaona.

Ganizoli anabwera nalo ndi mnzathu uja amene kumudzi amaphunzitsa ana osamva, ndipo pano akuwonjezera maphunziro kuno ku Adelaide, mu Australia. Anamva kuti anthu a mtundu wa Warlpiri, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a dziko lino, ali ndi chinenero chawochawo cha manja, basi mtima sunakhalenso m'malo. Tonse tinanyamuka tikudziwa kuti tikukacheza ndi anthu osamva. Tinkadzinamiza.

Pa ndege kukafika ku Alice Springs ndi maola awiri. Kumeneko tinatenga galimoto ya hayala n'kulowa msewu wa Tanami, makilomita pafupifupi 300 kulowera kumpoto chakumadzulo kukafika ku Yuendumu, mudzi wa a Warlpiri. Derali ndi la eni nthaka, choncho tinayamba tafunsa za chilolezo ku Central Land Council, bungwe loimira eni nthakawo, ndipo namwino wina wa ku Zambia amene amagwira ntchito kumeneko ndiye anatikonzera njira kwa amayi akuluakulu. Titangodutsa Tilmouth Well tayala linaphulika, jeke n'kupezeka kuti ilibe chogwirira. Tili kakasi m'mbali mwa msewu, inatulukira galimoto yodzaza anthu. Woyendetsa sanatsegule pakamwa. Anangotulutsa dzanja pawindo, chala chachikulu ndi chamkombaphala zili zotambasula, n'kulitembenuza msanga chikhatho kuyang'ana kumwamba. Tonse tinamva kuti akufunsa kuti kwagwanji, pakuti ngakhale pa siteji ya basi kwathu timafunsana choncho. Anatibwereka jeke yawo.

Yuendumu ndi mudzi wa anthu osakwana 1,000. Unayamba mu 1946 pamene boma linasonkhanitsa anthu a m'chipululu pamalo amodzi kuti liziwagawira chakudya. Masana ambiri tinkakhala pa Warlukurlangu, malo a anthu ojambula zithunzi amene anatsegulidwa mu 1985. Mpamene ndinaona chimene tinadzera. Mayi wina wachikulire anali atakhala pansi, nsalu yojambulapo ili pamiyendo, kamtengo kodonthezera penti kali kudzanja lamanzere. Mwana wake anali patali, kuseri kwa mpanda, pafupi ndi galimoto. Mayiyo anangokweza dzanja lamanja pang'ono, osafika ndi paphewa pomwe, zala n'kugwedezeka kangapo, nkhope ili phee ngati palibe chikuchitika. Mwanayo anayankha ndi dzanja, n'kulowa m'galimoto. Patapita kanthawi anabwera ndi shuga, masamba a tiyi ndi mdzukulu. Onsewa amamva bwinobwino, ndipo atakumana anayamba kulongolola ndi pakamwa.

Chinenerochi amachitcha rdaka-rdaka, kuchokera ku mawu oti rdaka, dzanja. Alenje amachigwiritsa ntchito kuti nyama isathawe, anyamata pa nthawi ya chinamwali, ndi aliyense amene akufuna kuuza mnzake kanthu ali patali. Koma akatswiri ake enieni ndi amayi achikulire, ndipo chifukwa chake ndi maliro. Mwamuna akamwalira, mkazi wake amameta, amadzola dothi loyera, ndipo salankhula ndi pakamwa. Kale zimenezi zinkatha chaka, mwina ziwiri. Mayi amene wataya mwana, ndi achibale ena achikazi, nawonso zimawakhudza. Namfedwa amakakhala ku jilimi, msasa wa amayi amasiye ndi osakwatiwa, ndipo kumeneko zonse zimayenda ndi manja: kupempha madzi, kufotokoza maloto, miseche, ngakhale kukangana kumene. Dzina la malemu nalo limasiyidwa. Amene ali ndi dzina lofanana nalo amayamba kuitanidwa kuti Kumanjayi.

Mphunzitsi wathu anayesa chinenero cha manja cha kwathu, anayesanso Auslan, cha anthu osamva a muno mu Australia. Amayi aja anangomuyang'ana, kenako anaphulika nako kuseka, mpaka mmodzi anachita kupukuta misozi. Madzulo ake ndiye anatimasulira chimene chinamugwetsa. Zinenero za anthu osamva zili ndi malamulo awoawo, sizitsatira Chingerezi kapena Chichewa, ndipo nkhope imagwira ntchito yaikulu: nsidze zikakwera ndiye kuti ndi funso. Rdaka-rdaka imatsata Chiwarlpiri cholankhula. Mawu akakhala opangidwa ndi zigawo ziwiri, manja nawo amapanga zizindikiro ziwiri motsatana momwemo. Ndiye ngati chinenero cha pakamwacho sukuchidziwa, ungoloweza zizindikiro za madzi ndi moto, koma nkhani sungaitole. Katswiri wina, Adam Kendon, anayamba kufufuza zimenezi ku Yuendumu komweko mu 1978, anasonkhanitsa zizindikiro pafupifupi 1,500, ndipo buku lake linatuluka mu 1988. Kale kwambiri iye asanabwere, ofufuza awiri, Baldwin Spencer ndi Francis Gillen, atafika ku Tennant Creek mu 1901 anapeza mayi wa mtundu wa Warumungu amene anali atatha zaka zoposa 25 osalankhula, koma akucheza ndi anzake bwinobwino.

Zimene ine ndinagwira msanga ndi zizindikiro za chibale, chifukwa zili pathupi. Kugwira bere ndi mayi, kugwira chibwano ndi bambo. Nkhani ya apongozi itayamba tinamvana popanda womasulira: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, salankhulana nawo, ndipo wina akaona kuti awiriwa agundana pakhomo pa sitolo amangogwedeza dzanja, mkamwini n'kukhotera kwina. Bambo amene timamudalira pa chiwongolero uja anati zikanakhalako kwathu, sakanagwera m'munda wa chinangwa pothawa apongozi.

Pobwerera m'galimoto munabuka mkangano, ndipo ndaona kuti ndiulembe. Mlongo wathu wa zamalamulo anati uku n'kupondereza akazi basi, bwanji mkazi yekha ndiye atsekedwe pakamwa chaka chathunthu. Sindimutsutsa kwenikweni, pakuti ifenso tikudziwa zimene amayi amasiye amakumana nazo kwathu m'dzina la mwambo. Koma ine ndinkakumbukira azakhali anga ali m'nyumba ya siwa, aliyense wobwera kudzakhuza akufuna amufotokozere kuyambira pachiyambi mmene matenda anayendera, mawu atasasa kale ndi kulira. Amayi a ku jilimi palibe amene amawakakamiza kutulutsa mawu, komanso sakhala okha, ndipo wowayamba dala amamubwezera pomwepo. Amayi amene tinacheza nawo anati masiku ano ambiri sasala nthawi yaitali ngati kale, ndipo atsikana amadziwa zizindikiro za tsiku ndi tsiku koma sangafanane ndi agogo awo. Ankanena modandaula, osati mosangalala. Mpaka tinafika ku Alice Springs tisanagwirizane.

Si a Warlpiri okha amene ali ndi chinenero cha manja. A Anmatyerr a ku Ti Tree amati iltyem-iltyem, ndipo pa intaneti pali tsamba la dzina lomwelo lokhala ndi mavidiyo a zizindikiro zawo, amene akufuna akaone. Kumpoto ku Arnhem Land, a Yolngu ali ndi chawo chimene akumva ndi osamva amagwiritsa ntchito limodzi. Kumeneko ndi kumene mphunzitsi wathu akuti tikapite chaka chamawa, chifukwa funso lake lenileni ndi la mwana wosamva amene wabadwira m'mudzi momwe aliyense amadziwa kale kulankhula ndi manja.

Zithunzi za amayi aja musatifunse, anatipempha kuti tisajambule ndipo tinamvera. Tayala lija anatilipiritsa, ndiye amene simunamalize msonkhamsonkha muonane ndi msungichuma Loweruka lisanafike.