Mndandanda wa apolisi opezeka olakwa kukhoti usakhale chinsinsi

Chigamulo cha khoti chimaperekedwa poyera. Woweruza amachiwerenga zitseko zili chitsegulire, ndipo aliyense amene wabwera kudzamvera mlandu tsiku limenelo amamva dzina la wopalamula, chimene anachita ndi chilango chake. N'chifukwa chake ine ndimadabwa akuluakulu a boma akamanena kuti mndandanda wa apolisi amene anapezeka olakwa kukhoti ndi chinsinsi. Dzina lililonse pamndandandapo linatchulidwa kale pagulu. Chimene amachibisa ndi kusonkhanitsa mayinawo pamalo amodzi, pomwe munthu angathe kuona kuti apolisiwo ndi angati, anapalamula zotani, ndipo ndani mwa iwo akuvalabe yunifolomu.

Zimene zinachitika ku California mu 2019 zikuonetsa bwino mkangano umenewu. Atolankhani ofufuza nkhani a pa yunivesite ya ku Berkeley anagwiritsa ntchito lamulo lolola anthu kuona zikalata za boma, ndipo bungwe loyang'anira maphunziro ndi kalembedwe ka apolisi linawapatsa mndandanda wa mayina pafupifupi 12,000 a apolisi ndi anthu ofunsira ntchito ya upolisi omwe anapezekapo olakwa. Posakhalitsa ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Xavier Becerra, inawalembera kalata kuti mndandandawo unatuluka molakwika, auwononge, ndipo kuti kungousunga kumene kukhoza kukhala mlandu. Atolankhaniwo anakana, ndipo atafufuza m'mafayilo a makhoti anapeza kuti ena mwa opezeka olakwawo anali akugwirabe ntchito ya upolisi.

Kwa ine, nkhani yagona pa kulemera kwa mawu a wapolisi. Iye amamanga, amalemba sitetimenti, amasunga umboni, kenako amaimirira m'khoti n'kulumbira kuti zimene akunena n'zoona, ndipo nthawi zambiri woweruza amamukhulupirira kuposa woimbidwa mlandu. Ngati wapolisi ameneyo anapezekapo wolakwa pa mlandu wa kuba, wa katangale kapena wopereka umboni wabodza, munthu amene ufulu wake ukudalira mawu akewo ayenera kudziwa. Khoti lalikulu kwambiri ku United States linagamula mu 1963, pa mlandu wa Brady, kuti oimira boma pamilandu sayenera kubisa umboni wokomera woimbidwa mlandu, ndipo mu 1972, pa mlandu wa Giglio, linawonjezera kuti izi zikukhudzanso chilichonse chochititsa mboni kukayikitsa. Kuchokera pamenepo, maofesi ambiri a oimira boma amasunga mayina a apolisi amene umboni wawo ndi wokayikitsa, koma m'madera ambiri mayinawo amatsekeredwa m'kabati, ndiye kuti zonse zimadalira kukhulupirika kwa wosunga kiyi.

Otsutsa amati wapolisi nayenso ndi munthu, ndipo amene anatha chilango chake ali ndi ufulu woyambanso moyo watsopano. Ndikugwirizana nawo pang'ono. Adiresi ya kunyumba ndi mayina a ana ake sizifunika kutuluka, dzina la amene wapambana apilo lichotsedwe msanga, ndipo mlandu wothamangitsa galimoto usaikidwe pamodzi ndi wogwiririra. Koma ufulu woyamba moyo watsopano si ufulu wonyamulanso mfuti ndi unyolo anthu asakudziwa mbiri yako.

Ku England ndi Wales anayesa njira yapakati. Kuyambira mu Disembala 2017, bungwe la College of Policing limasunga mndandanda wa apolisi ochotsedwa ntchito omwe saloledwanso kulembedwa upolisi, ndipo mayina a ochotsedwa chifukwa cha khalidwe loipa munthu aliyense angathe kuwafufuza pa intaneti kwa zaka zisanu. Cholinga chake n'kutseka mpata woti wochotsedwa kudera lina akalowenso ntchito kwina mwakachetechete.

Komabe sindikufuna kunamiza owerenga kuti mndandanda wa zigamulo ndi mankhwala a zonse. Wayne Couzens, wapolisi wa ku London amene anaba mayi wina dzina lake Sarah Everard, kumugwiririra ndi kumupha mu Malichi 2021, sakanapezeka pamndandanda wotere, chifukwa anali asanaweruzidwepo. Kafukufuku amene anatsogolera katswiri wa zamalamulo Elish Angiolini anapeza mu 2024 kuti Couzens sanayenere kulembedwa upolisi n'komwe, ndipo kuti madandaulo oti ankadzivula pamaso pa anthu sanafufuzidwe mokwanira. Milandu yofika kukhoti ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mbiri ya wapolisi, pamene zambiri zimathera m'mafayilo a chilango cha pantchito. Ku New York mafayilo amenewo anatetezedwa kwa zaka zoposa 40 ndi ndime ya lamulo yotchedwa 50-a, ndipo aphungu anaichotsa mu Juni 2020, patangopita milungu yochepa George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis.