Ulendo wa ku Lusaka: msilikali wa adani timujambule bwanji?

Gulu lathu la ojambula mafilimu ku Chipata linapita ku Lusaka kukakumana ndi anzathu a ntchito yomweyi a ku Matero ndi ku Chilenje. Tinadzera msewu wa Great East, kuwoloka mlatho wa Luangwa, n'kukatsikira pa Intercity. Funso linali limodzi: mu filimu ya nkhondo, kodi msilikali wa adani azioneka ngati munthu woti n'kumumvera chisoni?

Titazungulira mu Lusaka National Museum tinakhala pansi ndi mbiri ziwiri. Yoyamba ndi nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Gulu la asilikali a Ajeremani lotsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck linalowa m'Kasama mu Novembala 1918, n'kukatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 mwezi womwewo. Asilikali ake ambiri anali anthu akuda, monganso a King's African Rifles, gulu lankhondo la Angerezi, amene ankawalondola, ndipo mbali zonse ziwiri katundu ankasenzetsa atengatenga otoledwa m'midzi. Apa panalibe wotsutsa. Filimu yojambula anthu amenewa ngati zilombo ikunama.

Yachiwiri ndiyo inavuta. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia, Zimbabwe ya lero, zinaphulitsa msasa wa ZIPRA, gulu lomenyera ufulu wa dzikolo, ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo anthu ambiri anafa. Anzathu a ku Lusaka anakanitsitsa zoti woyendetsa ndege wotere apatsidwe nyimbo yachisoni. Ine ndili nawo mbali imodzi. Aoneke kuti ndi munthu, inde, koma zimene anachita zisabisike.

Zambiri zimathera pa kamera ndi podula zithunzi. Kamera ikakhala m'munsi, mdani amaoneka chimphona. Akajambulidwa patali, nkhope yobisika m'chisoti, oonera amaseka akagwa chifukwa sanamuonepo maso. Ikani kamera pa msinkhu wa maso ake. Mpatseni dzina, ndipo mnzake amuitane nalo asanafe. Alankhule chilankhulo chake, tanthauzo lilembedwe m'munsi m'mizere yosapitirira iwiri, apo ayi oonera pa foni sawerenga.

Cholakwika chachikulu ndi ndondomeko. Mukayamba ndi kalata ya kwa amayi ake, n'kumaliza ndi misozi yake, mudzi umene wawotcha umaiwalika pakati. Onetsani kaye chimene wachita, ophedwa akhale ndi maina ndi nthawi yosachepera yake, kenako mubwere pa nkhope yake popanda nyimbo, kupuma kwake kokha kukumveka. Wolamula naye aoneke, chifukwa mnyamata wogwidwa kumudzi ndi mkulu wosankha pogwetsa bomba mlandu wawo sufanana.

Tinagwirizana kuti chigawo cha filimu yathu cha ku mtsinje wa Chambeshi, kumene uthenga woti nkhondo yatha unafikira Ajeremani, tichijambule kawiri, china ndi nyimbo, china popanda, tikazionetse kwa anthu a ku Chipata ndi a ku Lusaka tisanasankhe.