Makhadi a Khirisimasi amene anandichititsa manyazi ku Birmingham

Ndinafika ku Birmingham mu Okutobala 2022 kudzagwira ntchito m'nyumba ina yosamalira okalamba, ndipo mwezi wa Disembala usanafike pakati ndinali nditazindikira kuti anthu a kuno amaona nkhani ya makhadi a Khirisimasi monga mmene ife timaonera chipepeso cha pamaliro: munthu wosaperekako sadzudzulidwa pamaso, koma dzina lake silimaiwalika. M'mawa uliwonse ndinkapeza envulopu yatsopano m'kabati yanga yosungiramo zovala, ndipo ndinkaitsegula ndi mtima wa munthu amene ngongole zake zikungochuluka. Ine ndinakulira ku Makwasa m'boma la Thyolo, pafupi ndi mishoni ya Malamulo, m'banja la Chiadventisti mmene tsiku la 25 Disembala linali tsiku lopalira chimanga ngati lina lililonse, choncho mwambo umenewu unandipeza ndisanamange m'chiuno.

Nditapita kusitolo n'kuona mitengo ya makhadi abwino, ndinachita zimene Mmalawi aliyense wongofika kumene amachita, zomwe ndi kusandutsa mapaundi kukhala makwacha m'mutu, ndipo ndinatuluka ndisanagule kanthu. Pobwerera pabasi ndinakumbukira kuti ndili ndi luso. Ku pulayimale ndine amene aphunzitsi ankandiitana kuti ndijambule mapu a Malawi pabolodi, ndipo nditakula ndinajambulapo mitu ya anthu pakhoma la malo ena ometera tsitsi pamsika wa kwathu. N'zoona kuti mitu yonseyo inkayang'ana kumbali, chifukwa sindinathe kujambula maso awiri ofanana kukula, koma mwini malowo sanadandaulepo. Ndinagula penti wosungunula ndi madzi, maburashi atatu ndi mapepala olimba, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti mnzanga aliyense alandira khadi lojambulidwa chinthu chimene iye amachikonda.

Vuto linali kudziwa zimene aliyense amakonda, ndipo ndinaona ngati mwayi wandigwera pamene ndinapeza pepala lina pabolodi la zidziwitso m'chipinda chathu chopumira. Papepalapo panali mayina a ogwira ntchito, ndipo pambali pa dzina lililonse mwini wake anali atalembapo chinthu chimodzi ndi dzanja lake. Mutu wa pepalalo unali utaphimbidwa ndi ndandanda ya mashifiti imene wina anaikhomera pamwamba pake, koma mawu oyamba ankaoneka ndipo ankatanthauza kuti "chimene ndimachikonda koposa". Kukweza ndandandayo ndi chala chimodzi kukanandipulumutsa, koma sindinaone chifukwa chochitira zimenezo. Ndinajambula pepalalo pafoni n'kupita kunyumba ndikuyamikira khalidwe la Angerezi lochita zinthu mwadongosolo.

Mayi oyang'anira nyumbayo anali atalemba kuti Queen. Apa sindinavutike n'komwe, chifukwa Mfumukazi Elizabeth inali itamwalira pa 8 Sepitembala chaka chomwecho, ndipo ndinamva chisoni poganizira kuti mayiwa akulirabe. Ndinatenga ndalama yachitsulo n'kukopera nkhope ya Mfumukaziyo, ndipo ndinasangalala kuona kuti nayo inkayang'ana kumbali ngati mitu yanga ya ku Makwasa. M'kati mwa khadilo ndinalemba mawu opepesa, owalimbikitsa kuti Khirisimasi yoyamba pambuyo pa maliro ndiyo imawawa kwambiri.

Mayi a kukhitchini analemba kuti Red Hot Chili Peppers, ndipo ndinawajambulira tsabola wofiira wodzaza lichero, n'kumangirirapo kabotolo ka tsabola wa kambuzi kamene ndinachoka nako kumudzi. Bambo okonza zowonongeka analemba kuti AC/DC, ndipo podziwa kuti amagwira za magetsi ndinawajambulira soketi ndi waya. Mnyamata wina wochokera ku Sheffield analemba kuti Arctic Monkeys, ndipo apa ndinakhala kaye phee, chifukwa kwathu kumupatsa munthu chithunzi cha pusi n'kuputa mlandu wokathera kwa amfumu. Komabe ndinadziuza kuti mlendo saweruza zokonda za eni mudzi, choncho ndinajambula pusi atavala chipewa choluka ndi juzi, atakhala pachipale chofewa. Penti wabulauni anayenderera pachibwano pake n'kupanga kandevu, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mnyamatayo nayenso amasunga kandevu kotero.

Khadi limene ndinaliikirapo mtima wanga wonse linali la bambo ena achikulire ogwira ntchito usiku, amene analemba kuti Black Sabbath. Nditawerenga mawuwo, mtima wanga unadumpha. Bambowa anali Mzungu wa tsitsi lalitali laimvi, ankavala zakuda masiku onse, ankalankhula mofatsa, ndipo m'khosi mwawo munkalendewera mtanda. Mtandawo unandikayikitsa pang'ono, popeza kwathu sitivala zoterozo, koma ndinaganiza kuti mwina amapemphera mumpingo wina wosunga Sabata umene mamembala ake ambiri ndi anthu akuda, ndipo ndinachita manyazi kuti kwa miyezi iwiri ndakhala ndikugwira ntchito ndi mbale m'chikhulupiriro osamudziwa. Ndinatha masiku atatu ndikujambula tchalitchi cha njerwa zofiira pakati pa minda ya tiyi, amayi a Dorika atavala yunifolomu akulowa pakhomo, ndi dzuwa la Lachisanu likulowa kuseri kwa phiri. Pansi pake ndinalemba Eksodo 20:8 ndi zilembo zagolide, n'kuwonjezera kuti ndingakonde kudzapita nawo limodzi kumapemphero.

Usiku umenewo ndinaonetsa mkazi wanga makhadiwo pa WhatsApp. Anawayang'ana limodzilimodzi, n'kuima nthawi yaitali pa la pusi lija.

"Abambo, kodi anthuwa mwawafunsa?" anatero.

"Amayi, alemba okha ndi manja awo. Ndiwafunsenso chiyani?"

"Chabwino, koma muzikumbukira kuti safunsa anadya phula."

Ndinamuyankha kuti mwambi umenewo unapekedwa anthu asanayambe kukhoma zidziwitso pabolodi.

Phwando lathu linachitikira m'chipinda chodyera, ndipo ndinagawa maenvulopu anga aliyense atakhala pansi kuti onse aone ntchito ya manja anga. Oyamba kutsegula anali bambo a magetsi aja, amene anaseka kwambiri n'kundimenya paphewa, akunena kuti ndine munthu wanthabwala. Sindinaone nthabwala iliyonse pasoketi, koma ndinalandira chiyamikirocho. Mayi a kukhitchini anayang'ana tsabola wawo modabwa, ananunkhiza kabotolo kaja n'kuyetsemula katatu, kenako anandiuza mwaulemu kuti ali ndi zilonda za m'mimba. Mnyamata wa ku Sheffield anayang'ana pusi, n'kudzigwira kandevu, n'kuyang'ananso pusi. Kenako mayi oyang'anira anatsegula lawo, anawerenga mawu anga achipepeso mokweza mpaka kumapeto, ndipo m'chipindamo munangoti zii, moti ndinkamva kulira kwa firiji.

Amene anathetsa batalo anali bambo a tsitsi lalitali aja. Anayang'anitsitsa tchalitchi changa, anavula magalasi, anawerenga vesi lija, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ine ndinaganiza kuti Mzimu wawakhudza ndipo ndinatsala pang'ono kunena ameni, koma phokoso limene linatuluka m'kamwa mwawo silinali la munthu wolira. Anaseka mpaka kutsamwa, moti mmodzi mwa anamwino anawathamangira ndi madzi. Mnyamata wa pusi uja anadzuka, anapita kuchipinda chopumira, n'kubwera ndi pepala lija lopanda chophimba, ndipo ndinawerenga mutu wake wonse kwa nthawi yoyamba. Unali mndandanda wa magulu oimba nyimbo za rock amene aliyense amawakonda, ndipo cholinga chake chinali choti asankhirepo nyimbo za phwando lomwelo.

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika, koma m'malo mwake anandikhazika pampando wapakati n'kuyamba kundiphunzitsa, aliyense akulimbirana foni yolumikizidwa kusipika. Mayi oyang'anira anandiuza kuti Queen ndi gulu la amuna anayi limene linayamba ku London mu 1970, ndipo woimba wake, Freddie Mercury, anabadwira ku Zanzibar mu 1946 n'kumwalira mu 1991. Ananenanso kuti chipepeso changa achilandira, kungoti chachedwa ndi zaka 31. Bambo a magetsi anafotokoza kuti AC/DC inayambitsidwa ku Sydney mu 1973 ndi abale awiri, Malcolm ndi Angus Young, ndipo dzinalo ndi la mitundu iwiri ya mphamvu ya magetsi, moti khadi lawo lokha ndi limene linalondola mwangozi. Ndinamvanso kuti Angus amaimba gitala atavala yunifolomu ya mwana wasukulu ngakhale ali mdala, ndipo ndinayamba kuona kuti mwa anthu onse okhudzidwa ndi nkhaniyi, wosokonezeka sindinali ine ndekha.

Za Black Sabbath ndinaphunzitsidwa mwapadera, chifukwa kulakwitsa kwanga kunali ngati kufika ku Balaka n'kufunsa kuti Alleluya Band ndi mpingo wanji. Gululi ndi la mu Birmingham momwemo, la anyamata anayi a ku Aston amene anayamba kuimba limodzi mu 1968, omwe ndi Ozzy Osbourne, Tony Iommi, Geezer Butler ndi Bill Ward, ndipo dzina lawo analitenga kufilimu yoopsa, osati m'buku la Eksodo. Iommi anaduka nsonga za zala ziwiri pamakina a m'fakitale ya zitsulo ali ndi zaka 17, ndipo anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kuzalazo, kenako n'kumakhwefula nsambo za gitala kuti zisamamupweteke, zimene zinathandiza kuti nyimbo zawo zizimveka zolemera ngati bingu la mu Januwale. Pamsewu wa Broad Street pali mlatho wotchedwa dzina la gululi komanso benchi yokhala ndi nkhope za anayiwo. Ine ndinali nditadutsapo kangapo, ndipo ndinkaganiza kuti nkhopezo ndi za akuluakulu a mzinda amene anamanga mlathowo.

Pamene anaika nyimbo yawo yoyamba, imene imayamba ndi mvula, mabingu ndi belu la tchalitchi, ndinayang'ana bambo aja ndi chiyembekezo choti mwina sindinaphonye kwambiri. Gitala italowa, chiyembekezocho chinatha.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbozo zinandikakamira ngati chisoso pathalauza. Bambo a tsitsi lalitali anakhoma tchalitchi changa pakabati yawo, ndipo pamashifiti a usiku, okalamba athu akagona, ankandimvetsera gulu limodzi pa sabata kudzera m'mahedifoni. Ndinakonda Queen chifukwa mawu awo amalukana ngati kwaya ya achinyamata ya kumsonkhano wa misasa, koma Arctic Monkeys amalankhula mofulumira moti mpaka lero ndimangomva mawu amodzi mwa asanu. Usiku wina bambowo anabwera ndi chimbale chachikale chachikulu ngati mbale ya nsima, n'kundifunsa ngati ndikudziwa zoti anansi athu a ku Zambia anali ndi rock yawoyawo m'zaka za m'ma 1970, imene imatchedwa Zamrock. Anatchula WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989. Ndinavala mahedifoni mwaulemu chabe, koma pakati pa gitala yolira ngati macheka ndinamva mawu a Chinyanja, omveka bwino ngati munthu akundiitana kuseri kwa nyumba. Ndinachita kuimirira. Zinatengera Mzungu wa ku Aston kuti mwana wa ku Thyolo adziwe nyimbo zimene zinkaimbidwa m'chilankhulo chake kutsidya kwa Mchinji, ndipo bambowo sanalole kuti ndiiwale zimenezi ngakhale usiku umodzi.

Disembala wa 2023 atafika, pepala lija linakhomedwanso pabolodi, ndipo ulendo uno ndinakweza ndandanda ya mashifiti ndi manja awiri, n'kuwerenga mutu wake kawiri, ndisanalembe monyadira kuti Ngozi Family. Makhadi ndinagula a m'sitolo, okhala ndi kambalame ka chifuwa chofiira kamene sikangalakwire munthu aliyense. Pa tsiku la phwando anzanga anandipatsa envulopu imodzi yaikulu, onse atasainapo, ndipo anandizungulira mwakachetechete mokayikitsa. Mnyamata wa ku Sheffield anali atafufuza pa intaneti tanthauzo la mawu akuti ngozi, n'kubwereka penti kwa mdzukulu wa mayi a kukhitchini. Pakhadipo panali minibasi itagona chagada m'ngalande, matayala ali m'mwamba, ndipo pambali pake panaima bambo, mayi ndi ana atatu atamangidwa mabandeji kumutu, onse akuyang'ana kumbali. M'kati mwake mayi oyang'anira anali atalemba mawu achipepeso, ondilimbikitsa kuti Khirisimasi yoyamba pambuyo pa ngozi ndiyo imawawa kwambiri.

Ndinatumiza chithunzi cha khadilo kwa mkazi wanga osafotokoza kanthu, ndipo pasanathe mphindi ziwiri foni inalira. Anali apongozi anga, akufunsa ndi mawu onjenjemera kuti ndagonekedwa m'chipatala chiti.